Thanki ya Amayi pa Msana wa Njati

Amuna ochenjera amapita kwa makolo a mkazi atanyamula shuga m'manja ndi kabodza kakang'ono pakamwa. Wanga anapita ndi choonadi chokhachokha, ndipo panangotsala pang'ono kuti chitiphere ukwati tisanauyambe n'komwe.

Ine ndine makaniko, mwana wa makaniko. Pagalaja ya bambo onse amanditcha Sipanala, ndipo zikhadabo zanga sizinayerepo chiyambire. Kuseri kwa galajayo kuli lole yankhondo yakalekale imene bambo amaitcha Njati. Agogo anga aamuna ndiwo ankaiyendetsa kunkhondo, ndipo nkhondo itatha anaigula pamene asilikali ankagulitsa zotsala. Anamwalira bambo akadali kumsana, choncho zambiri zimene bambo amanena za agogo anazisoka okha. Amati Njati inkanyamula chimfuti chachikulu, agogo ali patsogolo penipeni. Chaka chilichonse mfutiyo inkakulirakulira.

Injini ya Njati ndinaidzutsa ndine. Koma mbiri yake anaidzutsa ndi mphunzitsi wina wakusekondale, wowonda, wamanyazi, amene anabwera tsiku lina kudzapempha kuti aijambule, n'kuiwala njira yobwerera kwawo. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali koseketsa. Ife amakaniko tikafuna kuchotsa penti timatenga makina n'kupala mpaka chitsulo chiwale. Iye ankakhala pachigubu ndi lezala, n'kumapala pang'onopang'ono, penti wapamwamba kaye, kenako wapansi pake, kuti aone zimene asilikali analembapo. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkamuseka uku ndikumupatsira tiyi, mpaka tsiku lina ndinadzigwira ndikudzola mafuta onunkhira popita kukagona pansi pa lole.

Bambo ankamutcha Achoko. Mtima wawo unali pa a Matayala, mwini shopu ya matayala yapamsewu waukulu, munthu wakamimba ndi mawu aakulu. Ndiwo anapereka matayala a Njati, a saizi yosowa kwambiri, ndipo ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaona ngati sakuphwa. Maso awo sankakhala pa matayalapo.

* * *

Lamulungu limene ndinaitanira mphunzitsi wanga kunyumba kuti adzaonekere, ndinamulangiza tili pageti.

"Akakufunsa za lole, unene kuti ndi yokongola. Basi."

"Nanga akandifunsa zimene ndapeza?"

"Unene kuti ukufufuzabe. Wamva?"

M'chipinda chochezera tinapeza a Matayala atakhala kale pampando wabwino, kapu ya tiyi ili pamimba. Amene anawaitana ndikumudziwa. Nkhani inali ya chionetsero cha magalimoto akale chimene chinkayandikira.

"Mfuti ndawotcherera kale, ya paipi," anatero a Matayala. "Tikaipenta yakuda n'kuimanga pamsana pa Njati, adziwe ndani?"

Bambo anaseka mokondwa, kenako anatembenuka. "Nanga inu Achoko? Mwakhala mukupalasa chitseko changa ngati nkhuku. Mwapezapo chiyani?"

Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Iye anandiyang'ana, anayang'ana m'kapu, n'kutsegula pakamwa.

"Bambo, loleyi sinanyamulepo mfuti. Pansi pa penti wapachitseko pali chizindikiro cha gulu lotumikira, osati lomenya nkhondo. Pamsana pake pali mabowo a mabawuti omangira thanki, ndipo pomwe pankakhala pampu pakuoneka. Inali lole yamadzi."

Amayi anaima ndi ketulo m'manja. A Matayala anaphulika kuseka mpaka tiyi kutayikira pashati.

"Ndiye kuti malemu anali wotunga madzi!"

Bambo anaimirira pang'onopang'ono. "Mwalowa m'nyumba mwanga, mwamwa tiyi wanga, kudzandiuza kuti bambo anga ankatungira madzi amuna anzawo?"

"Sindikunyoza, bambo. Ntchito imeneyo inali..."

"Tulukani. Pagalaja musadzapondenso. Iwe Sipanala, ngati ukufuna mwamuna, suyu wakhala apayu, wodziwa ulemu."

Ndinamuperekeza mpaka pageti ndili wokwiya.

"Ndinakuuza chiyani ine?"

"Sindikanatha kunamizira munthu wakufa."

"Koma kuluza ine wamoyo watha!"

Ndinamenyetsa geti, ndipo ndinalira ndili kuseri kwake komweko.

* * *

Patapita masiku, a Matayala anandipeza ndili pansi pa minibasi ya kasitomala. Anagwada movutikira n'kundilowetsera foni pamaso.

"Sindikufuna kukupweteka mtima, chemwali, koma wakutsina khutu ndi mnansi."

Pachithunzipo panali mphunzitsi wanga mulesitilanti, mutu wake utatsala pang'ono kugundana ndi wa mzimayi wina wosalala, wazikhadabo zazitali zofiira. Ndinayang'ana zanga zakudazi. Nsanje ndili nayo, sindibisa. Atangochoka ndinapukuta manja n'kulembera mphunzitsi uthenga.

"Zikhadabo zofiira zija zikukukanda bwino?"

Yankho silinachedwe. "Ndi mayi wa kunyumba yosungirako zinthu zakale. Tinaphunzira limodzi. Akundithandiza kufufuza za Njati."

"Mumafufuza ndi mitu mpaka kuigundanitsa?"

"Taona kaye chimene wandipezera."

Chinali chithunzi chakale chopanda mitundu. Lole yofanana ndi Njati, pamsana pake pali thanki yaitali yophwatalala, kumbuyo kwake mipopi itandandalikana, asilikali ali pamzere ndi makapu. Ndinaponya foni m'thumba la ovolosi n'kupita kunyumba kukasamba.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli thanki imene imalandira madzi amvula kuchokera padenga. Inakhazikidwa panjerwa. Ndinatsegula mpopi monga ndakhala ndikuchitira kuyambira ndili wamng'ono, n'kuyamba kupaka sopo. Kenako manja anga anaima okha. Thankiyo ndi yaitali, yophwatalala. Mpopi wogwira ntchito ndi umodzi, koma pambali pake pali mzere wa mabowo ena otsekedwa ndi timitengo.

"Amayi! Thanki iyi inachokera kuti?"

Amayi ankayanika zovala, mapegi ali pakamwa. "Ndinaipeza pomwepo pokwatiwa. Bwanji, ikudontha?"

"Simunafunseko?"

"Kufunsa thanki? Ndinalibe zochita kodi?" Anachotsa mapegi aja pakamwa. "Koma apongozi anga, agogo ako aakazi, sankati katunge pathanki. Ankati katunge kulole. Ine ndinkangoti ndi ukalamba."

Ndinagona m'matope ndi tepi n'kuyeza miyendo ya thankiyo, kenako liwiro kugalaja sopo akadali m'manja. Mabowo a pamsana pa Njati ndi a kumiyendo ya thanki anali amodzimodzi.

* * *

Loweruka bambo anapita m'tauni ndi a Matayala kukagula penti wakuda wa mfuti yawo ija. Ndinaimbira mphunzitsi.

"Bwera ndi zovala zakutha. Ndipo usaganize kuti ndakukhululukira."

Vuto linali madzi. Thanki inali yodzaza, ndipo madzi amenewo amayi amawasamala ngati mafuta ophikira. Ndinkaopa kuwapempha, koma ndinawapeza akuitana kale aneba kuti abwere ndi ndowa.

"Ndatopa nayo mfuti imene sindinaionepo," anatero. "Komanso a Matayala aja akaseka, nkhuku zanga zimasiya kuikira. Tungani, amayi, tungani, lero ndi ulere!"

Tinaimika mapaipi atatu n'kupachika tcheni chokwezera injini. Ine ndinabweza Njati chakumbuyo mpaka inalowa kuseri kwa nyumba, itathyola kampanda ka maluwa. Mphunzitsi anakoka tcheni mpaka m'manja mwake munatuluka matuza, koma sanadandaule. Thanki inakwera ikulira ngati chitseko chakale, inalendewera m'malere, n'kutsika pamsana pa lole. Ndinatenga bawuti woyamba ndili ndi hamala pafupi. Hamalayo sinagwire ntchito. Bawuti analowa ndi zala zokha, wachiwiri chimodzimodzi, mpaka onse.

Aneba anaimba nthungululu. Mphunzitsi anandigwira dzanja, gilizi ndi matuza kusakanikirana.

"Wandikhululukira tsopano?"

"Za lole, inde. Za zikhadabo tikambirana."

Tikadagwirana choncho, bambo anatulukira pakona ya nyumba atanyamula chitini cha penti.

"Walola munthu uyu kulowa pano ndani?"

"Ndine," anayankha amayi atagwira m'chiuno. "Nyumbayi theka ndi yanga, ndipo thankiyo ndi yanga yonse."

Bambo akanakhala munthu wina akanakana. Koma ndi makaniko, ndipo makaniko sakangana ndi bawuti. Anaika chitini pansi, anazungulira lole, anawerama, n'kupisa chala kumwendo kwa thanki.

"Waboola mabowo atsopano iwe?"

"Ayi, bambo. Taonani dzimbiri lake."

Anayang'ana nthawi yaitali. Ataweramuka ankaoneka okalamba kuposa mmene anachokera m'mawa.

"Ndiye kuti ndi zoona," anatero motsitsa mawu. "Munthu ndinalibe bambo, ndinangotsala ndi nkhani yawo. Nayonso mwandilanda. Pitani nayo nokha kuchionetseroko, mukasekedwe nokha."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ndinawamvera chisoni.

"Mwina ndikanangonama," anatero mphunzitsi.

"Madzi akatayika sawoleka. Gwira burashi, thanki iyi ikufuna kutsuka m'kati."

* * *

Tsiku la chionetsero kunatentha ngati m'ng'anjo. Pabwalo lampira panadzaza magalimoto opukutidwa mpaka kuthobwa m'maso, ena a zimfuti, ena a mbendera. Ife tinalowa ndi Njati itapentedwa mtundu wake weniweni umene lezala ya mphunzitsi inapeza, wotuwa ngati mchenga, thanki itadzaza madzi abwino, mipopi yonse yatsopano. Anatiimika kumapeto, pafupi ndi zimbudzi.

A Matayala anabwera ndi anzawo akudya ayisikilimu.

"Taonani, abale, ozimitsa moto afika! Chemwali, ndowa mukugulitsa bwanji?"

Anthu anaseka. Ine ndinaluma mano. Patali ndinaona amayi atagwira ambulera, bambo ali pambali pawo chipewa atachitsitsira kumaso. Amayi anachita kuwakoka ngati mbuzi yopita kumsika.

Cha kumasana anabweretsa asilikali akale ochepa amene adakali moyo, ena pandodo, ena panjinga za olumala, mamendulo akulira pachifuwa. Ankawadutsitsa kutsogolo kwa magalimoto a zimfuti aja, iwo n'kumangogwedeza mutu mwaulemu. Kenako nkhalamba ina yapanjinga inakweza ndodo n'kuloza kwathu.

"Ndikankhireni uko. Uko, kumapetoko!"

Atafika anayang'ana thanki, anayang'ana mipopi, n'kutembenukira kwa ine.

"Mwanawe, muli madzi mmenemu?"

"Alimo, agogo."

"Nditungire."

Ndinatsegula mpopi n'kuwapatsa kapu. Anamwa ndi manja awiri, madzi akuyenderera pachibwano mpaka pamamendulo. Anthu anayamba kusonkhana.

"Inu mukuthamangira mfuti uko simukudziwa kanthu," anatero ndi mawu osasa. "Mfuti tinali nazo zochuluka, mpaka kutopa nazo. Koma munthu ukakhala m'dzenje dzuwa likuswa mtengo, lilime litatupa, sulota mfuti. Tinkatchera khutu kumvetsera injini iyi. Adani nawonso ankaidziwa, ndipo ankayamba kuwombera iyoyi, chifukwa ukapha madzi wapha gulu lonse. Dalaivala wake ankayenda yekhayekha, wopanda ngakhale mpeni, msewu wonse ali poyera. Ambiri sankafika. Amene ankafika tinkamunyamula pamapewa." Anapukuta pakamwa. "Ankayendetsa iyi ndani?"

"Agogo anga," ndinatero.

"Anasiya mwana?"

Sindinafunike kuitana. Bambo anali atafika kale, chipewa chili m'manja. Nkhalamba ija inapempha kuti aiimiritse. Anaigwira uku ndi uku, inawongola msana mmene ikanathera, n'kumenya sawatcha kwa bambo. Anzake aja, mmodzimmodzi, anachita chimodzimodzi.

Bambo anga, amene sindinawaonepo akulira ngakhale injini itawagwera paphazi, analira pagulu ngati mwana.

Kenako chinachitika ndi chimene dzuwa linakonza. Madzi ogulitsa anali atatha pabwalo ponse, ndipo anthu ataona mipopi ikutuluka madzi anathamangira kwathu. Mzere unakhota mpaka kugolo. Amayi anaimika ambulera n'kuyamba kulamulira ngati kapitawo. Magalimoto a zimfuti anatsala okha akuwala padzuwa, eni ake ali pamzere wathu ndi mabotolo. A Matayala nawonso ndinawaona kumapeto kwa mzere, akuyang'ana kumbali.

Wolengeza atanena kuti Njati ndiyo itsogolere magalimoto onse kuzungulira bwalo, bambo anapukuta maso, anatsegula bokosi lapansi pa chitseko n'kutulutsa handulo yolizira injini. Handulo imeneyo salola munthu aliyense kuigwira, ngakhale ine, moti ine injini ndimaidzutsa ndi batire basi. Anayang'anayang'ana mpaka anapeza mphunzitsi atabisala kuseri kwa thanki.

"Achoko, tabwerani kuno. Gwirani."

Mphunzitsi analowetsa handulo kutsogolo kwa injini n'kuifumbata mwamphamvu. Bambo anamumenya padzanja.

"Osati choncho! Chala chachikulu musachikulunge, chikhale mbali imodzi ndi zinzake. Injini ikabweza imathyola. Ine ndikufuna mkamwini wa zala zonse."

Mphunzitsi anaima kukamwa kuli yasa.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndati pukusani, mukutichedwetsa. Ndipo akuluakulu akwanu muwauze abwere, tiyi alipo."

Anapukusa kamodzi, kawiri, Njati inatsokomola n'kubangula. Bambo anakhala pachiwongolero, ine pakati, mphunzitsi kuchitseko. Tinazungulira bwalo anthu akuwomba m'manja, amayi akuthamanga m'mbali ndi ambulera yawo. Pansi pa phokoso lonselo iye anandinong'oneza kuti amandikonda, ine n'kumuuza kuti abwereze chifukwa injini ikusokosa. Ndinali nditamva bwinobwino.

* * *

Chisangalalo sichichedwa kupeza mlendo. Titangoima, tinapeza a Matayala akutidikira ndi jeke yaikulu ndi zipika zamatabwa. Sankasekanso.

"Akulu, mawu munandiuza ine aja, oti mwanayu ndidzamukwatira ndine, mwawameza?"

Bambo anayang'ana pansi. "Ndinalankhula ndili wokwiya. Komanso mwanayu si matayala, ali ndi pakamwa pake."

"Chabwino. Ndiye matayala anga ndikuwafuna. Pompano. Tione ngati madzi anuwo ayendetse lole. Saizi imeneyi simuipeza kwina kulikonse."

Ankayembekeza kuti ndigwada. Ndinawalanda jeke m'manja, ndinavula wotchi n'kupatsa amayi.

"Khalani pamthunzi, bambo a Matayala, mungadetse shati. Ndikumasulirani ndekha."

Ndinamasula manati anthu akuonerera, mphunzitsi akulowetsa zipika, bambo akugubuduza matayala limodzilimodzi n'kukawasiya pamapazi a mwini wake. Anthu anayamba kuwomba m'manja tayala lililonse likachoka. Pomaliza Njati inaima pazipika pakati pa bwalo, yopanda nsapato, koma mipopi yake ikutulukabe madzi. Sindinanyadirepo chotero chibadwire.

Ndikupukuta manja, ndinamva fungo la mafuta odula. Dzanja lazikhadabo zofiira linatera pamkono wa mphunzitsi wanga ngati lakhala likuterapo kale.

"Mwagwira ntchito yokongola," anatero mayi uja akumwetulira, maso ali pa iye yekha. "Musadandaule za matayala. Kunkhokwe yathu yakutali kuja aliko a saizi imeneyi, ndipo ndingawapereke. Koma kuli magalimoto ambiri osadziwika mbiri yake, ndipo ndakhala ndikumupempha uyu kuti tipite limodzi akandithandize tchuthi chonse chino. Akavomera, matayala abwera." Anatembenukira kwa mphunzitsi. "Wawauza kale, eti?"

Mphunzitsi anali asanandiuze. Nkhope yake inanena yokha.

Ndinayang'ana bambo. Anali ataima pafupi ndi thanki, dzanja lili pachitsulo, akuisisita lole ya bambo awo amene anali atangowapeza tsiku lomwelo. Usiku umodzi wokha pabwalo lopanda mpanda, anyamata oba zitsulo akanaisiya mafupa okhaokha. Mphunzitsi anandiyang'ana kudikira kuti ndinene ndine.

"Matayala abwere mawa," ndinatero. "Lero tigona pompano kulondera."

Mayi uja anamwetulira kwambiri. "Ndiye kuti mwamulola?"

Ndinachotsa dzanja lake pamkono paja ndi zala zanga zagilizi, pang'onopang'ono, mpaka chikhadabo chilichonse chinada.

"Ndamulola. Koma magalimoto akale sayenda ndi lezala yokha, mayi. Musunge malo a anthu awiri, makaniko akubwera nawo."

Kumwetulira kuja kunazima. Kumbuyo kwanga bambo anatsokomola.

"Kupita kuti? Usanakwatiwe? Iwe Sipanala, phazi lako silituluka pageti langa."